Mainjekita m'Lichero

Malemu amuna anga anagwira ulonda pa galaja ina ku Zomba mpaka imvi zinamera, ndipo chimene anandisiyira si chuma ayi, koma mawu. Ankati, "Nabanda, makaniko akatsegula galimoto usamamuyang'ane kumaso. Kumaso amaseka. Uzimuyang'ana m'manja." Ine ndinkangoti ndi zolankhula za nkhalamba, nanga galimoto ndidzaiona kuti ine? Koma tsiku lake linafika.

Inali nthawi ija boma linkasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Malole ankatuluka m'tauni atasenza matebulo ndi makabati a m'maofesi, ndipo nyumba za makalaliki zinkatsekedwa imodziimodzi. Mwana wanga Esnati anapita m'gulu lomwelo ali ndi pakati poyamba, chifukwa amuna ake, a Mhango, anali kalaliki ku unduna wina. A Mhango ndi a kumpoto, munthu wa tchalitchi, wosamwa, wosakweza mawu. Anthu otere ndimawaopa kwambiri, poti sudziwa chimene chili mumtima mwawo.

M'mawa wina ndikusesa pabwalo, panaima galimoto yakale yotuwa, yolira ngati chigayo. Munatuluka a Mhango ndi mlongo wawo Tiwonge, amene ankaphunzitsa sukulu ku Dedza. Ine ndinathawira kuseri kwa chitseko monga mwa mwambo wathu, chifukwa mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, ndipo mawu awo amadutsira mwa munthu wina. Tiwonge ndiye analowa m'nyumba.

"Amama, mwalandira mdzukulu wamwamuna. Alamu ali bwino, atuluka kale m'chipatala. Koma akungolira. Akuti mchombo wa mwana wayamba kuuma, ndipo m'nyumba mulibe wamkulu."

"Wayamba kuuma? Nanga masiku onsewa munali kuti?"

"Ku ofesi anachedwa kuwapatsa tchuthi achimwene."

Ana a lero mwina simudziwa. Mchombo wa khanda ukauma umagwa wokha, ndipo ukagwera pa umuna wa mwana wamwamuna, mwanayo sadzabereka. Ofuna kuseka sekani, koma ife tinakula tikudziwa zimenezo. N'chifukwa chake pamakhala mayi wamkulu woyang'anira, kuti aulandire ukamagwa ndi kukaukwirira pamalo pobisika. Tsono Esnati anali yekhayekha m'nyumba ya boma ku Eriya 10, kumene ndinamva kuti ngakhale utakuwa chotani, wa nyumba inayo sakumva.

Tsiku limenelo sindinaphike. Ndinamanga mtolo wa nsalu, kathumba ka ufa, mizu yosambitsira khanda, nkhuku imodzi yoti mwana wanga akamwe msuzi, ndi lichero langa, poti ine m'lichero la mwini sindipeteramo. Nyumba ndinakhoma ndi maloko awiri, ndipo mng'ono wanga ndinamusiyira kiyi wa loko mmodzi yekha.

A Mhango asanalize galimoto anapemphera m'Chitumbuka, pemphero lalitali ndithu. Ine ndinatsinzina diso limodzi, linalo lili pa katundu. Ndinakhala kumbuyo, kuseri kwa mpando wawo, nditafunda nsalu kumutu kuti maso athu asakumane m'kagalasi kaja.

Ndinamva kuti galimotoyo anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Ndinamukodola Tiwonge.

"Tawafunsa. Ngati inali yabwino, mzunguyo anaisiyiranji?"

Tiwonge anafunsa. A Mhango anayankha maso ali pamsewu. "Auze amama kuti galimoto silowa m'ndege."

Mpaka pa Liwonde zonse zinali bwino. Pamenepo tinanyamula bambo wina wa makina osokera, wopita ku Lilongwe kukafuna khonde losokerapo, pakuti nthawi imeneyo aliyense ankathamangira komweko. Anapereka matambala ake a mafuta n'kukhala pambali panga. Ine ndinaika nkhuku pakati pathu. Anayesa kundifunsa za kumene ndikupita, ndinangoti, "Kutsogolo."

Titadutsa Balaka injini inayamba kutsokomola. Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda bii, m'katimo fungo la dizilo lokhalokha, nkhuku yanga itangoyasama kukamwa. Pa zitunda za ku Ntcheu anthu a njinga ankatipitirira akutipatsa moni. Telala uja ataona choncho anatsika ndi makina ake, n'kupempha kuti amubwezere ena mwa matambala aja, akwere lole. Ndinamuuza Tiwonge kuti, "Waona? Munthu wa paulendo ndi mnzako galimoto ikamayenda basi."

Pa Lizulu tinaima kuti injini ipume. Tiwonge anapita kukagula mbatata ya kachewere, a Mhango anaima kutsogolo akuyang'ana m'boneti ngati munthu woyang'ana m'chitsime. Ine sindinatsike. Kutsidya kwa msewuwo ndi dziko la eni, ndipo anyamata ogulitsa kabichi ankasuzumira kwambiri pazenera. Ndinangokhala, mtima uli ku Lilongwe. Galimoto ikaima, mchombo suima. Ukungouma.

Ku Dedza tinalowa dzuwa likulowa, kukuzizira ngati kumanda. Bambo wina wa pamalo omwetsera mafuta anamvetsera kulira kwa injini n'kunena kuti mainjekita atopa, tiyenera kukwawa nayo pang'onopang'ono mpaka ku Lilongwe kumene kuli zipangizo. Ndinafunsa kuti mainjekita n'chiyani. Tiwonge anati ndi tizitsulo tolavulira dizilo m'mimba mwa injini. Tinagona kunyumba kwake, koma tulo sindinatione.

M'mawa mwake mtsikanayo anavala zopita kukalasi.

"Amama, ine ndatsala pano. Tsopano muzilankhulana nokha ndi achimwene."

"Mwana iwe, usandilaule."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Ife tinanyamuka awiriwiri, chete, galimoto ikunjenjemera ngati ya malungo. Titafika pa Linthipe a Mhango anachepetsa liwiro, lomwe linali lochepa kale, n'kutsokomola pang'ono.

"Nkhuku iwe," anatero, "kaya kumbuyoko kuli wofuna kutsika pang'ono apite patchire?"

Ndinaiyang'ana nkhukuyo. Nayo inandiyang'ana.

"Uwauze ayendetse," ndinatero. "Mwana akudikira."

Kuyambira pamenepo mpaka Nathenje nkhukuyo ndiyo inali mtenga wathu, ndipo sinasinthe mawu a munthu ngakhale amodzi.

Tinalowa mu Old Town, tauni yakale ija, dzuwa likuyandikira pamutu. Fumbi lofiira, malole a njerwa, masitolo a amwenye, anthu piringupiringu ngati nyerere zaona fupa. Pafupi ndi msika, tisanafike pamlatho, galimoto inatsokomola komaliza n'kuzima. Abambo ena anatikankhira kuseri kwa masitolo, pansi pa mtengo waukulu pamene pankagwira ntchito makaniko wina dzina lake a Bwanali. Anali munthu wamfupi, manja akuda ndi oilo, koma kofiya yapamutu yoyera mbee. Ndinati mumtima, munthu wodziwa kusunga chipewa chotere pa ntchito yotere ndi wochenjera, ndimuyang'anitsitse.

Anailiza movutikira, anamvetsera, anagwiragwira timapaipi, kenako anaizimitsa.

"Mainjekita awiri afa, awiri akudwala. Tichotse onse anayi."

A Mhango anaima chondipatsa msana. "A Bwanali, auzeni amama kuti ndiwapezere galimoto ya hayala iwaperekeze kunyumba. Si kutali, ndi kutsidya kwa mtsinjewu."

Makanikoyo anayang'ana iwo, anayang'ana ine, kenako anawomba m'manja. "Ooo, ndi apongozi! Ndiye kuti ine lero ndine makaniko ndiponso nkhoswe? Mtengo wake ndi wina umenewo, bwana."

"Auzeni," ndinatero, "kuti ine sindikwera galimoto ya munthu wosamudziwa, kupita kunyumba imene dzina lake ndi nambala. Akakanditula kuthengo ndikafunsa ndani?"

"Ndiye auzeni tipitire limodzi, galimoto itsale."

"Itsale ndi katundu yense, injini ili yasaa? Tidzapeza matayala okha."

A Bwanali anatembenukira kwa a Mhango. "Mayi akuti ine ndine wakuba."

"Sindinatero ine."

"Mwatero ndi maso, mayi."

Kunena zoona mtima wanga unagawanika pamenepo. Mdzukulu ali kutsidya kwa mtsinje chabe, ine ndili pansi pa mtengo. Koma galimotoyo ndiyo inali chuma chonse cha banja la mwana wanga, ndipo a Mhango ndinali nditawaona kale kuti makaniko akaseka nawonso amaseka. Ndinafunsa kuti ntchitoyo itha nthawi yanji. A Bwanali anati dzuwa lisanapendeke kwambiri, ngati ndingawasiye agwire ntchito mwamtendere.

A Mhango anapita kusitolo ya mmwenye kukafuna mainjekita ena. Ine ndinakoka tayala lakutha, ndinakhalapo pafupi ndi injini, n'kuika lichero pamiyendo.

"Chilichonse chotuluka m'menemo chigone muno."

"M'lichero? Mayi, mukufuna mupete zitsulo?"

"Ndipeta ndikaona mankhusu."

Ndiyenera kunena kuti ntchito ankaidziwa, ngakhale sindinawauze. Anayamba ndi kupukuta pamwamba ponse ndi sanza ya parafini, kuti mchenga usagweremo. Kenako anamasula timapaipi tinayi topindikapindika tochokera ku pampu, sipanala imodzi ikugwira, ina ikupotokola, ndipo kukamwa kwa kapaipi kalikonse ankatsekako ndi kansalu koyera. Atatero panatsala paipi yaitali yogona chopingasa pamitu ya mainjekita onse, yomangidwa ndi timabawuti ting'onoting'ono.

"Iyi ndiye mfumu yake," anatero. "Isanachoke iyi palibe chotuluka. Ikapindika kapena kuthyoka, mugona pansi pa mtengo uno."

Timabawuti titatu tinamasuka bwinobwino n'kugwera m'lichero ndi timawasha take. Kachinayi kanakana. A Bwanali anathirapo oilo, n'kukhala pansi, n'kuyamba kutafuna mtedza.

"Mwakhala pansi? Bambo inu, mukudziwa chimene chikundidikira?"

"Ndamva, mayi, a bwana andiuza. Koma chitsulo sachikakamiza. Amachinyengerera ngati mkazi wokwiya."

"Mkazi wokwiya mumamudziwa inu?"

"Ndili naye kunyumba, ndiponso lero ndapatsidwa wina wapadera."

Sindinaseke. Ndinkayang'ana mthunzi wa mtengo ukusuntha, ndikuona m'maganizo Esnati akusintha thewera, kachinthu kaja kakulendewera. Patapita nthawi a Bwanali anadzuka, anagogoda pang'ono pa sipanala, kabawuti kanalira kuti tswee n'kumasuka. Ananyamula paipi ija ndi manja awiri ngati akunyamula mwana, dizilo akudontha, n'kuigoneka chopingasa pa lichero langa.

Tsopano anafika pa mainjekita enieniwo. Ankamasula manati awiri, kugwedeza uku ndi uku, kutukula pang'ono ndi chitsulo, mpaka chinthucho chituluke. Zinali ngati zisononkho za chimanga, kunsonga kwakuda ndi mwaye. Choyamba chinatuluka ndi kamphete kofiirira kunsonga. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatunso. Chachinayi chinabwera chilibe.

"Bambo, taimani. Mphete ya ichi ili kuti?"

"Mphete yanji?"

"Zinzake zavala mphete. Ichi chili chimanjamanja."

"Aa mayi, kawasha ka kopa? Ndikabe kameneko ndikagule chiyani, ndege?"

"Kaya. Tulutsani matumba."

Amayi ogulitsa nthochi anali atayamba kuyandikira. A Bwanali anatembenuza matumba onse akuseka. Munatuluka mtedza, msomali ndi kawaya. Mphete munalibe. Ine sindinasunthe. Ndinati chinthu sichisowa chokha. Kuseka kuja kunayamba kuchepa. Anawerama, anasuzumira m'dzenje lachinayi, anapinda kawaya kaja n'kupisamo. Anakokakoka, ndipo kanatuluka kamphete, kakuda ngati khala, katamatirira pansi.

"Ndikanakaona ndithu poika chatsopano," anatero.

"Mukanakaona, kapena mukanangopanikiza china pamwamba pake?"

Anakanda pansi pa kofiya ndi mkono. "Zikanasanjikizana, mpweya ukanamathawira pomwepo. Tikanatsegulanso musanawoloke mlatho." Anakaponya m'lichero. "Koma mwaona, mayi, sindinabe."

"Lero simunabe."

Amayi a nthochi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi.

A Mhango anabwera thukuta lili kamukamu, atanyamula mainjekita okulungidwa m'pepala la mafuta, ndi timphete tatsopano tonyezimira. Ndinaonetsetsa kuti zolowa mu injini zikuchokera m'pepalamo, ndipo zakale zija sizinachoke pamiyendo panga. A Bwanali ankamanga nati uyu pang'ono, winayo pang'ono, kuti chinthu chikhale chowongoka. Anabwezera paipi yaitali ija, anabwezera timapaipi tinayi, koma manati a pamwamba anawasiya olefuka.

"Tsopano tichotse mpweya m'mapaipi, apo ayi siilira. Pakufunika anthu atatu. Mnzanga wapita ku mzikiti, lero Lachisanu, ndipo ine ndajomba chifukwa cha mdzukulu wanu. Bwana akhale pa kiyi, ine pa sipanala. Mayi, ikani lichero pansi."

"Ndiike pansi kuti?"

"Pondanipo ndi phazi ngati mukufuna. Gwirani apa."

Anandionetsa kachitsulo kam'mbali mwa injini koti ndizikadinikiza ndi chala. Ndinapinda nsalu, ndinalowetsa mutu m'boneti, ine mayi wa Mvano, n'kuyamba kupopa. Pa kabawuti kena pankatuluka thovu, fuu, fuu, dizilo akuyenderera m'manja mwanga mpaka m'zigongono.

"Thovu likatha mundiuze," anatero a Bwanali ali mbali inayo.

Ndinapopa mpaka chala chinachita dzanzi. Kenako thovu linatha, kunayamba kutuluka mafuta okhaokha oyera. Ndinawauza. Anabwera, anamanga kabawutiko, anabwerera ku manati ake, sipanala ina ataluma kukamwa. Anandigwedezera mutu kuti zatheka. Koma wonena kwa a Mhango panalibe, poti nkhoswe yathu inali italuma chitsulo. Ndinayang'ana mthunzi, unali utafika kale pakhoma la sitolo.

"Lizani, a Mhango! Lizani!"

Mawuwo anatuluka okha. Chikwatirire mwana wanga, dzina limenelo ndinali ndisanalitchulepo mwini wake akumva. Kenako kiyi anatembenuka. Injini inakoka, inakoka, mafuta anathovoka pa manati, a Bwanali anamanga limodzilimodzi mofulumira, ndipo galimoto inalira. Inalira mosalala, mopanda chifuwa chija. Utsi unatuluka pang'ono n'kutha.

A Bwanali analavula sipanala. "Basi, unkhoswe wanga watha. Apongozi alankhula okha."

Ine ndinakoka nsalu kumaso, ndi dzanja la dizilo lomwelo, maso n'kuyamba kuwawa. A Mhango analipira, ine ndikuonera pansi pa nsalu mpaka chenji chinalowa m'thumba mwawo. Ponyamuka makanikoyo anagogoda pazenera langa.

"Mukampatse moni mdzukuluyo. Mumuuze asadzakhale makaniko, agogo ake angadzamuphe ndi maso."

Tinawoloka mlatho. Msewu wopita ku City Centre unkadutsa m'tchire, kwina nyumba zazitali zosatha kumanga, kwina mathirakitala akukumba. A Mhango analoza nyumba zoyera pamwamba pa chitunda n'kuuza nkhuku kuti uko ndiye ku Capital Hill kumene amagwira ntchito. Nkhuku ndi ine tinangoona pang'ono. Ku Eriya 10 nyumba zinali zofanana, zotalikirana, pabwalo popanda ndi mwana yemwe wosewera.

Esnati anali pakhonde, maso ofiira ngati wasuta fodya wamkulu.

"Amayi!"

"Wagwa?"

"Ayi, koma watsala pang'ono. Sindikugona, ndikumangomugoneka chammbali. Thewera ndikuopa ndi kumasula komwe."

Ndinatula mtolo pakhonde. Kenako ndinalowa, ndinatambasula manja kuti ndinyamule mwana. Esnati anabwerera m'mbuyo.

"Amayi, manjawo! Mukununkha ngati lole."

Ndinapempha phulusa. Munalibe. Nyumba yophikira magetsi, phulusa lichokera kuti? Ulendo wonse uja, n'kudzalephera pa phulusa! Ndinatuluka, ndinatapa mchenga pa mulu umene omanga anasiya kuseri, ndinadula ndimu wa m'khitchini. Ndikutembenuka ndinapeza beseni la madzi ofunda ndi sopo zili pakhomo, a Mhango akuzimirira pakona ya nyumba. Ndinatsuka, ndinanunkhiza, ndinatsukanso, mpaka khungu linayamba kuwawa ndipo Esnati ananunkhiza yekha n'kuvomera.

Ndinakhala pamphasa, ndinamugoneka pamiyendo, ndinamasula thewera pang'onopang'ono. Mwana wonenepa, mphuno ya bambo ake. Mchombo unali wakuda, wouma ngati phesi la dzungu, utangogwira ndi kaulusi. Ndinaika chikhatho pansi pake. Sindinadye, sindinamwe madzi, dzanja silinachoke pamenepo. Esnati anagona pomwepo atatsamira phewa langa, tulo ta munthu amene watula mtolo. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa mwanayo anadziwongola, anayasamula, ndipo kachinthu kaja kanagwera m'dzanja mwanga, kopepuka ngati khoko la mtedza.

Ndinafumbata. Sindinalulutire, kuopa kudzutsa anthu awiri. Ndinangoti, "Zikomo Ambuye," misozi ikugwera pamimba pa mwana.

Ndinakaukwirira ndekha kuseri kwa nyumba, nditayamba ndaona kuti palibe woyang'ana pazenera. Esnati anandifunsa malo ake, sindinamuuze, ndipo mpaka lero palibe akudziwa. Mwanayo anamutcha Wongani. Pano ndi bambo, ndipo ana ake akabwera kuno amadzaza nyumba mpaka ndimasowa poponda. Adokotala anene zawo, ine ndikudziwa zanga.

Ku Zomba sindinabwererenso kukakhala. Ndili ku Kawale kuno, m'kanyumba kanga, miyendo yatupa, ndipo adzukulu ali ndi ntchito zawo, amabwera mwa apo ndi apo. Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa mudzandizonde, musadzachite kumva kwa anthu kuti gogo uja anagona osadzuka. Mubwere masana, mugogode, mutchule dzina lanu ndi la kwanu. Ndikachedwa kutsegula musachoke ayi. Ndimakhala ndili pazenera, ndikukuonani kaye.